Dengu la Tiyi pa Misa ya Pasaka

Mukadzafika pa tchalitchi chathu, kunsi kwa phiri la Mulanje kuno, n'kumva ana akukuwa kuti "a Chikombole afika!", musadzavutike kufunafuna mmisiri woumba njerwa. Amanena ine. Ine kapitawo wathunthu wa pa esiteti ya tiyi, munthu amene ndikatsokomola m'munda anthu amafulumiza manja. Dzina limeneli ndinalitola pa Misa ya Pasaka, pamaso pa abambo mfumu ndi mpingo wonse, ndipo nkhani yake anthu aipotoza kambirimbiri moti ndatopa nayo. Ena amati ndinali nditaledzera (m'mawa wa Pasaka, ine?). Ena amati ndinachita dala. Ndiye lero ndifotokoze ndekha, kuti ngati n'kuseka museke zoona.

Tchalitchi chathu ndi nthambi chabe ya parishi, wansembe amabwera mwa apo ndi apo. Akhristu tinagawidwa m'malimana, ndiye kuti timagulu ta anthu oyandikana nyumba, ndipo Lamulungu lililonse limana limodzi limatsogolera mapemphero. Malimana enawo ndi a m'midzi, eni nthaka, anthu amene manda a makolo awo ali pafupi pomwepo. Lathu ndi la ku komboni, ku nyumba za kampani. Eni nthakawo ankatitchula kuti "anthu a mvula", ati timabwera ndi mvula kudzathyola tiyi, ikangotha ife tapita. Chonsecho mayi Namacha, mkulu wa amayi m'limana mwathu, anawoloka malire nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki ali ndi mwana kumbuyo, ndipo mwanayo pano wayamba dazi. Ndi mvula yanji yosakata chonchi?

Ntchito zathu pa tchalitchi zinali zodziwika: kusesa, kutchetcha udzu, kutsuka zimbudzi, ndi kutsogolera mapemphero masiku aja anthu amabwera owerengeka chifukwa kulibe wansembe. Masiku akuluakulu onse anali a eni nthaka. Zinkandipweteka, sindibisa.

Ndiye chaka chimenecho, Lenti itangoyamba, abambo mfumu anabwera n'kulengeza kuti Misa ya m'mawa wa Pasaka adzachitira kwathu kuno, osati ku parishi. Anthu anaomba m'manja. Kenaka anawonjezera kuti adzatsogolere ndi a limana la ku komboni. M'manja muja munachepa. Ndinayang'ana kumene anakhala a Muhiwa, akatekisiti athu, munthu wamtali wosaseka wamba, amenenso ndi wa limana la m'mudzi. Nkhope yawo inali ngati amwa mankhwala a malungo.

Titatuluka anandiitanira kuseri kwa tchalitchi, poti ine ndinali wapampando wa limana.

"A kapitawo," anatero, "abambo anena, ife sitingatsutse. Koma ndikuuzeni pompano. Pakadzangolakwika kanthu kamodzi, kamodzi kokha, mudzabwerera ku tsache mpaka ine nditafa. Mwamva?"

"Palibe chidzalakwike, akatekisiti."

"Misa si kuthyola tiyi."

Ndinaluma mano n'kuchokapo. Ndili m'njira ndinalumbira mumtima kuti Pasaka imeneyi anthu adzaikamba kwa zaka. (Pemphero limeneli ndiye linayankhidwa ndithu.)

Kwa amene simudziwa mwambo wathu, pa Misa zikuluzikulu Buku la Mawu a Mulungu silimangopezeka lili kutsogolo ayi. Tikatha kuimba Ulemu, mawerengo asanayambe, Bukulo limalowa kuchokera ku khomo la kumbuyo, moperekezedwa ndi ng'oma, nyimbo ndi atsikana ovina, mpaka kukafika m'manja mwa wansembe. Apa ndi pamene limana limaonetsera nzeru zake. Ena analibweretsapo m'lichero. Ena mu mtsuko. Limana la a Muhiwa linanyamulapo kamwana paphewa, kamwanako katanyamula Buku m'mwamba, ndipo anakhala akudzitama nazo mpaka kamwanako kanakwatiwa.

Ine ndinagona nalo ganizo, n'kudzuka nalo litapsa. Dengu la tiyi! Dengu lenileni lija timabereka kumsana m'munda, lodzaza masamba anthete obiriwira, Buku litakulungidwa m'nsalu yoyera pansi pa masambawo. Wolibereka akhale mayi Namacha. Akafika kutsogolo agwade chofulatira, abambo apise manja m'masamba, atulutse Mawu a Mulungu kuchokera m'thukuta la anthu a ku komboni. Nditalifotokoza ku limana amayi ena anapukuta misozi. Mayi Namacha anangoti, "Ine? Kutsogolo kwa anthu onse aja?" n'kubisa nkhope m'chitenje.

Munthu mmodzi yekha sanasangalale, mayi a kunyumba kwanga.

"Abambo a Pilirani, bwanji osangolinyamula m'manja ngati anthu?"

"Amake Pilirani, zinthu izi zimafuna luso."

"Luso lanu ndimalidziwa ine. Ndi lija munakonzera wailesi mpaka inasiyiratu."

Iwo anali atasankhidwa kudzawerenga mawu oyamba tsiku limenelo, ndiye ndinangoti aliyense asamale mbali yake.

Vuto loyamba linali Bukulo. Pa tchalitchi chathu lilipo limodzi lokha, lalikulu, lachikuto cholimba, ndipo limagona m'kabati imene kiyi wake amayenda ndi a Muhiwa m'khosi. Ndinapita kukalipempha kuti tiziyeserera nalo, mayi Namacha azolowere kulemera kwake.

"Buku lipite ku komboni?" anafunsa motero ngati ndapempha mkazi wawo. "Kumene mbuzi zimalowa m'nyumba kuja?"

"Mbuzi zake ziti, akatekisiti? Kampani siyilola mbuzi."

"Nanga ana? Nanga utsi? Iyayi. Mudzalilandira m'mawa wa tsikulo, m'manja mwanga, ndipo mudzalibweza m'manja mwanga."

"Ine ndingasewere ndi Buku Loyera, munthu wamkulu ngati ine?"

"Sindikudziwani," anatero, natseka kabati.

Ndinapsa mtima, koma kapitawo sasowa pogwira. Kuseri kwa komboni kuli mabwinja a nyumba zakale za kampani, zomangidwa ndi njerwa za chikombole chachikulu, osati timanjerwa ta masiku ano. Ndinasankhapo imodzi yosalala bwino. Munthu wina akanangoiponya m'dengu n'kuyamba kuyeserera, koma ine ndimafuna chinthu chizichitika mwandondomeko. Ndinaikuta ndi katoni ya sopo, n'kudula m'mbali mwake mosamala mpaka kutalika ndi kufufuma kwake kunafanana ndi Buku. Kenaka panafunika nsalu yoyera. Ndinatenga nsalu ya patebulo imene amake Pilirani analandira pa ukwati wathu, imene sinayalidwepo chifukwa ankadikira alendo oyenera, n'kuidula pakati. Theka la njerwa, theka la Buku, kuti poyeserera zonse zizioneka ndendende ngati tsiku lenilenilo. (Zimene zinayankhulidwa m'nyumba mwathu madzulo amenewo sindingazilembe, inali Lenti.)

Kuyeserera kwake kunandikalambitsa. Atsikana ovina ankabwera theka, ena ati atumidwa kuchigayo. Woimba ng'oma ankafika akununkha zimene anati anasiya pa Lachitatu la Phulusa. Mayi Namacha ankayamba bwinobwino, mwaulemu, koma ng'oma ikangokoma miyendo inkawakumbutsa kwawo, n'kuyamba kudula tchopa, dengu lili pekupeku kumsana.

"Amayi, pang'onopang'ono! Mwanyamula Mawu a Mulungu!"

"Ndanyamula njerwa, a kapitawo. Tsikulo ndidzadziwa."

Ngati zimenezo sizinakwane, tsiku lina a Muhiwa anadutsa pa njinga n'kumva kwaya yathu ikuyeserera nyimbo yoperekezera Buku, imene ili ndi Aleluya kuyambira kumutu mpaka kumchira. Anatsika njinga isanaime.

"Aleluya m'Lenti? Ambuye sanafe n'komwe, inu mwawadzutsa kale?"

"Tikungoyeserera, akatekisiti."

"Kumwamba amadziwa zoti mukuyeserera?"

Ndiye kuyambira tsiku limenelo paliponse pamene panali Aleluya tinkangong'ung'udza milomo ili chitsekere. Tangoganizani anthu akuluakulu, ena azidzukulu, ataima pa bwalo la komboni akuvina n'kumalira ngati njuchi, kutsogolo kwawo mayi wachikulire atabereka njerwa. A mipingo ina ankatulutsa mipando kudzaonerera.

Loweruka Loyera masana tinayeserera komaliza, ndipo zinayenda. Kwa nthawi yoyamba zonse zinayenda. Dengu linakagona kwa mayi Namacha kuti m'mawa akathyole masamba atsopano (chilolezo ndinali nditapempha kale kwa abwana, musandiyese wakuba). Tikusiyana ndinawauza kuti, "Amayi, njerwa ija ichoke m'dengumo." Iwo anati, "Ndamva." Ine ndinamva kuti achotsa. Iwo anamva kuti ndidzachotsa ndine. Mpaka lero nkhani imeneyi sitinaimalize.

M'mawa wa Pasaka kunacha ndi kamvula kowaza kaja kamatsika m'phiri osapempha. Anthu anabwera ngati kukugawidwa ufa. A m'midzi, a ku komboni, ena ochokera ku Limbuli pa njinga zakabaza, ngakhale aja amaoneka pa tchalitchi pa maliro okha. Mabenchi anadzaza, ana anadzaza pansi, ena anaunjikana pakhonde, otsala anaima panja ndi maambulera. Ine ndinali m'suti yanga yakuda, ndikuthamanga uku ndi uku, thukuta ndi mvula zitasakanikirana.

A Muhiwa anandisunga dala. Ndinapempha Buku belu lisanalire, anati dikirani. Nyimbo yolowera inayamba, anati dikirani, akufuna kiyi. Kiyi ali m'khosi mwawo! Analitulutsa Misa itayamba kale, anthu akuimba Ambuye mutichitire chisoni, ndipo sanalisiye msanga m'manja mwanga.

"Lisanyowe. Lisagwe. Lisakhudze pansi."

"Ndamva, akatekisiti."

"Ndipo lisanunkhe tiyi."

Ndinalikulunga m'theka lija la nsalu, ndinalibisa m'jekete, n'kuthamanga kuzungulira tchalitchi m'matope mpaka ku khomo la kumbuyo. Mayi Namacha anali ataima kale pakhonde, atavala chitenje chatsopano ndi duku loyera, dengu lili kumsana, masamba akuwala ndi timadontho ta mvula. Anali okongola, ndinene zoona. Ndinakankhira Buku pansi pa masamba n'kusalaza pamwamba. Mkatimo Ulemu unali utafika pakati.

"A kapitawo," anatero mayi Namacha akugwedeza mapewa, "lalemera bwanji dengu lero?"

"Njerwa ija munachotsa?"

"Ine? Si paja mudati muchotsa ndinu?"

Mutu unaima. Ulemu unali kumapeto, woimba ng'oma wayamba kale kundiyang'ana. Ndinaganiza mwachangu, ndipo ndikuumirirabe kuti ndinaganiza mwanzeru: njerwa inalowa dzulo, Buku lalowa pompano, ndiye njerwa ili pansi. Ndinapisa dzanja mpaka pansi penipeni pa dengu, ndinagwira chokulunga choyera, n'kuchisolola. Chimene sindinadziwe n'chakuti dengu la tiyi ndi lakuya, ndipo Buku lija polikankha mwaphuma linatsetserekera m'mbali n'kukakhala pansi pa mnzake.

"Likulemerabe," anatero mayi Namacha.

"Ndi mantha amenewo, amayi. Tiyeni!"

Ng'oma inagunda. Atsikana analowa awiriawiri, mayi Namacha pambuyo pawo, ndipo Aleluya amene tinamutsekera m'kamwa Lenti yonse anatuluka ngati madzi ophulitsa damu. Ine ndinatsala pakhomo nditatopa. Kuyambira mbandakucha ndinali ndisanakhale pansi. Benchi kunalibe, simenti ya pakhonde inali yonyowa ndi matope a nsapato, ndipo suti ndili nayo imodzi. M'manja ndinali ndi njerwa yanga, yokutidwa bwino ndi katoni ndi nsalu. Ndinaiika pansi pakati pa khomo, pamene ndikanatha kuona mpaka ku guwa, ndipo ndinakhalapo.

Ndinakhalapo, abale. Ndinadzisunthasuntha mpaka ndinapeza pokoma. Ndikukumbuka kuti ndinadziyamikira mumtima kuti njerwayi ndinaikuta mwaluso, siyikupweteka n'komwe.

Ndipo mdipiti uja unali wokongola kuposa mmene ndinaulotera. Mayi Namacha sanadule tchopa. Ankayenda ngati mfumukazi, pang'onopang'ono, mutu uli chilili. Anthu ataona dengu la tiyi anayamba kudzuka m'mabenchi. Amayi a ku komboni ankalira poyera. Ngakhale eni nthaka ena ankaimba nthungululu, achinyamata mafoni ali m'mwamba kujambula. Ndinafunafuna a Muhiwa ndi maso, ndinawapeza ataima pambali pa guwa, ndipo ndinawamwetulira kumwetulira kumene ndinayenera kukalapa pakokha.

Mayi Namacha anafika kutsogolo, anatembenuka, nagwada chofulatira. Abambo mfumu, wansembe wachikulire wofatsa, anapisa manja m'masamba. Ndinaona mapewa awo akutsika pang'ono ponyamula, ngati munthu amene wanyamula ndowa imene amayesa kuti ilibe madzi. Koma analimba, anakweza chokulunga chija m'mwamba, anachionetsa kumanja, anachionetsa kumanzere. Tchalitchi chinagwedezeka. Kenaka anayamba kumasula nsalu.

Panaoneka katoni ya sopo.

Ng'oma inayamba kutsika. Abambo anaitembenuza katoniyo, anaiyang'ana uku ndi uku, mwina poganiza kuti taikuta chifukwa cha mvula. Anang'amba m'mbali. Fumbi lofiira linawazikira pa mkanjo wawo woyera wa Pasaka, ndipo m'manja mwawo munatsala njerwa, yofiira bwino, ili ndi kachidutswa ka simenti yakale pakona.

Kunja mvula inkamveka pa maambulera.

Ine poyamba ndinakwiya. Ndinati mumtima, ndani waikamo njerwa ina? Kenaka maganizo anayamba kuyenda pang'onopang'ono, kuchokera kumutu kutsikira kumsana, mpaka anafika pamene ndinakhalira. Ngati njerwa ili m'manja mwa abambo, nanga ichi n'chiyani? Chinthu chija chinayamba kunditentha ngati mbaula. Kudzuka ndinalephera, kukhalabe ndinalephera. Ndinayang'ana kumbuyo, kumene minda ya tiyi imayambira, n'kuganiza zoti ndikathamanga osaima ndikhoza kukadya nkhomaliro ku Mozambiki.

Abambo anayandikira chimkuzamawu.

"Akhristu a ku komboni, zikomo chifukwa cha mphatso. Nanga Buku lili kuti?"

Ndinapemphera kuti pasapezeke woyankha. Koma mayi Namacha, ali chigwadire, nkhope yawo inali yoloza kukhomo, ndipo maso awo ndi akuthwa ngati a kamtsikana.

"Lili ndi a kapitawo, abambo!" anakuwa. "Awo alikhalirawo!"

Mitu yonse inatembenuka nthawi imodzi. Mafoni aja anatembenukanso.

Sindikudziwa ngati munayendapo kuchokera ku khomo la tchalitchi mpaka ku guwa popanda nyimbo. Ndi kutali. Ndinadzuka, ndinatola chokulunga chija, pansi pake pali matope, pamwamba pake nsalu itakwinyika mosonyeza bwinobwino chimene chinali pamenepo. Ndinachinyamula ndi manja awiri, mwaulemu wochedwa. Nsapato zanga zonyowa zinkalira pa simenti. Ana okhala pansi ankandipatukira. Mayi wina wa m'mudzi anachita chizindikiro cha mtanda ndikudutsa. Woimba ng'oma, pofuna kundithandiza, anagunda kawiri, wina anamugwira dzanja.

Ndinagwada n'kupereka. Abambo anamasula nsalu, anaona kuti ndi Buku ndithu ndipo silinanyowe, analigwira ndi zikhatho zonse ziwiri. Ndikhulupirira kuti ankafuna kundiuza ine ndekha, koma anaiwala kuti chimkuzamawu chili pakamwa.

"Koma ndiye lafunda bwino," anatero.

Tchalitchi chinaphulika. Anthu anaseka mpaka ena kugwirana. A Muhiwa okha ndi amene sanaseke, anali atatseka maso, milomo ikuyenda, kaya ankapemphera kaya ankawerenga zaka zathu za tsache. Abambo anaika njerwa ija patsinde pa guwa, poyera, napinda nsalu ziwiri zija n'kuziika pambali pake. Ine ndinasowa kolowera, ndinangokhala pansi pakati pa ana, kutsogolo kwenikweni.

Ndinkayesa kuti zathera pomwepo. Ndinaiwala kuti mawerengo anali asanayambe.

Woyamba kukwera pa gome anali amake Pilirani. Anatsegula Buku ndi nsonga za zala. Anawerenga bwino, mosaphonya, za atumwi akuchitira umboni zimene anaona ndi maso awo, koma liwu lililonse lokhudza mboni ankalitchula akundiyang'ana ine pamwamba pa magalasi. Ndakhala nawo zaka zambiri mayi amenewa, ndimadziwa pamene akuwerenga ndi pamene akulonjeza.

Kenaka salimo. Mwa masalimo onse amene alipo, la m'mawa wa Pasaka ndi lija limakamba za mwala umene amisiri anaukana, umene pambuyo pake unakhala wofunika koposa pa nyumba. Ndinaliphunzitsa ndekha kwa kwaya salimo limeneli, Lenti yonse, osaganizako kanthu. Mtsikana wotsogolera anayamba bwino. Atafika pa mwalapo maso ake anagwera pa njerwa ija, mawu anathawa, anayesanso, anatulutsa kamluzu, n'kubisa nkhope kumsana kwa mnzake. Kwaya yonse inagwa. Anamaliza ndimeyo ndi bambo mmodzi wa besi, amene samva bwino ndipo sankadziwa chimene chikuchitika.

Ndinati Mthenga Wabwino undipulumutsa. Abambo anayamba kuwerenga: mayi wina anafika ku manda a Ambuye m'mamawa napeza mwala utachotsedwa. Wina kumbuyo anatsokomola. Anathamanga kukanena kuti chimene ankayembekeza kuchipeza mulibe ndipo sakudziwa kumene achiika. Benchi lina linayamba kugwedezeka. Ophunzira analowa napeza nsalu zili pansi, ina itapindidwa payokha. Anthu onse anayang'ana nsalu ya patebulo ya amake Pilirani. Tsiku limenelo Malembo onse anandipangira upo, ndipo ndinakwiya nawo ngakhale ndikudziwa kuti analembedwa ine ndisanabadwe.

Choopsa chenicheni chinali chikubwera, nthawi ya zolengeza. Kuseka ndikanapirira, koma ndinkadziwa chimene a Muhiwa adzanene, ndipo sichinali cha ine ndekha. Ndinayang'ana mayi Namacha, amene anali atakhala pambali dengu lili pamiyendo, akuthothola masamba mmodzimmodzi osayang'ana munthu. Anadikira zaka zonsezi kuti aime kutsogolo kamodzi, ine n'kuwaberekesa njerwa. Apa ndiye manyazi enieni anandigwira, oposa a pakhomo paja.

A Muhiwa anakwera pa gome, anakonza kolala. "Akhristu anzanga, zimene taona lerozi, ine ndidanena. Ndidanena kuti anthu ena..."

"Akatekisiti, pepani, ndibwerekeko kaye," anatero abambo akudzuka. Anatola njerwa ija. "Amene muli panja pa mvula, mukundimva?"

"Tikumva, abambo!"

"Mwanyowa?"

"Tanyowa!"

"Ndakhala ndikunena kuti tchalitchi ichi chachepa, tikulitse. Chaka ndi chaka mumandiyankha kuti tikambirana. Lero a ku komboni sanakambirane, angobweretsa njerwa yoyamba." Anatembenukira kwa ine. "A kapitawo, zinzake zibwera liti?"

Ndikanayankha chiyani? Munthu amene wangokhalira Buku sakambirana ndi wansembe. Ndinati, "Mvula ikangotha, abambo." Anthu anaomba m'manja, makamaka a m'midzi, amene anaona kuti ntchito yagwera ena. A Muhiwa anatsegula pakamwa, anatseka, n'kulengeza za tsiku la ubatizo.

Ndiye chilimwe chonse, Loweruka lililonse tikaweruka, limana la ku komboni linali kudambo kuponda dothi. Anthu amene sabata yonse aweramira tiyi, tsiku lopuma aweramire chikombole. Ndipo aliyense akaterereka m'matope ankatchula ine. "A kapitawo, bwanji simudangolinyamula m'manja?" Funso limeneli ndinalimva kwa amuna, kwa amayi, kwa ana, ndipo kunyumba linkandidikira ndi mwini wake. Dzina la Chikombole linamera mizu kudambo komweko. Kanema wa m'mafoni uja anafika mpaka ku Boma, moti tsiku lina kondakitala wa minibasi anandiuza kuti, "Khalani apa, bwana, palibe Buku."

Ndinapitanso kukalapa, poti chinthucho chinkandilemera. Nditayamba kufotokoza ndinamva mpando wa abambo ukugwedezeka kuseri kwa katani. Kenaka anati chilango changa n'chakuti Misa yotsatira ndiimirire.

Koma njerwa zitayamba kuchuluka kudambo, a m'midzi manyazi anawagwira. Limana lina linabweretsa nkhuni zootchera. Lina linabwera ndi mchenga. Tsiku lina tinangoona a Muhiwa atapinda buluku, akuponda dothi pambali pa mayi Namacha, osayankhula ndi munthu. Chaka chisanathe khoma latsopano linakwera, ndipo abambo analamula kuti njerwa yanga ija iikidwe pangodya, pafupi ndi khomo, isapakidwe pulasitala. Ilipo mpaka lero. Ndi yaikulu kuposa zinzake, yatulukira pang'ono ngati dzino, ndipo mlendo aliyense amafunsa, ndipo nthawi zonse pamapezeka womufotokozera.

Ku tsache sitinabwerere. Pasaka imazungulira malimana onse tsopano, nafenso timalandira. Mawu akuti "anthu a mvula" ndinasiya kuwamva, kaya amanenera kuseri. Ine ndekha ndi amene ndinaletsedwa kuyandikira Buku, ndipo lamulo limeneli sanaike ndi a Muhiwa, anaika a limana langa lomwe, amake Pilirani akutsogolera.

Lamulungu lina ndinapeza mayi Namacha ataima pangodya paja, dzanja lili pa njerwa. Amatero nthawi zonse asanalowe, ngati akupereka moni.

"Msana udandipweteka sabata yathunthu chifukwa cha iyi," anatero osandiyang'ana. "Koma atithamangitse tsopano tione. Tili m'khoma, a kapitawo. Kuti atichotse agwetse tchalitchi."

Ndinafuna kunena mawu oyenera wapampando, koma iwo anali atatembenuka kale.

"Inuyo mukalowa muyambe mwayang'ana pokhala. Ndaika buku langa la nyimbo pa benchi."

Ndimayang'ana, abale. M'tchalitchi, m'minibasi, ngakhale pa mpando wanga wa kunyumba, ndimayamba ndasuzumira ndi kupapasa, anthu n'kumandiseka. Zimenezo ndinaphunzira. Koma ganizo la dengu lija linali labwino, ndipo pamenepo sindisuntha. Cholakwika chinali nsalu. Ya njerwa ikanakhala yabuluu.